Fupa Silinathyoke

4 Ogasiti

Wokondedwa mlongo wanga Kamsomali,

Moni kumeneko. Ndikhulupirira uli bwino ndi ntchito yako yowongola anthu miyendo kuchipatalako. Kuno tilipo, koma kulipo kwake n'kotsimphina. Kalatayi ndapatsira adalaivala a lole ya matabwa, poti ukudziwa Ababa salola nkhani za pabanja kukambidwa pafoni, ati mawu a pafoni alibe mboni.

Lachiwiri tinali pa holo yatsopano ija tinapatsidwa kuti tikhome denga. Ababa amatsika pamakwerero, maso ali kumwamba monga mwa masiku onse, n'kuponda kachidutswa ka thabwa kamene kanali pansi. Phazi lakumanja linapindikira mkati, tonse n'kumva kuti "thaa!" Ine pothamanga kuti ndiwawakhe ndinalumpha mulu wa malata, basi kuseri kwa ntchafu yanga kunagwira moto. Amene analira ndi ine, mlongo wanga, ndipo sindikuchita manyazi. Ababa anangoti "hmm", n'kukhala pansi, n'kuyamba kumasula nsapato.

Kuchipatala cha kuno anawajambula. Adokotala anati fupa silinathyoke, ndi kubinya, apumule ndipo akaonekerenso sabata ikatha. Ababa anamva mawu awiri oyambawo, enawo anawasiya pabenchi pomwepo. Amayi akuwathowa ndi madzi otentha m'mawa ndi madzulo. Pakakolo patupa moti nsapato sikulowa.

Koma wodwala weniweni ndine. Kukhala pampando ndi nkhondo, kuwerama ndiye usanene. Unditumizireko mankhwala opaka aja onunkha, ndipo utiuze za kumeneko.

Ndine mlongo wako wovutika.


7 Ogasiti

Achimwene,

Moni nonse kumeneko. Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, koyamba ndikuseka, kachiwiri nditasiya kuseka. Zoti munalira sizikundidabwitsa. Si inu munalira ndi kachitsotso m'diso mpaka aneba kuyesa kwagwa zovuta?

Zanuzo ndi za mnofu. Mnofu wa kuseri kwa ntchafu unakokeka mwadzidzidzi ndipo unang'ambika pang'ono mkati. Zimapweteka, sindikukana, koma mnofu uli ndi magazi ambiri, umadzisoka wokha msanga. Ngati mukutha kuyenda ndipo pantchafupo palibe pamene palowa mkati kapena patupa kwambiri, pumulani, musathamange, pakatha masabata atatu mukhala mutaiwala. Mankhwala ndatumiza, koma musamalize botolo tsiku limodzi.

Za Ababa ndi zina. Kubinya si kwa mnofu ayi. N'kwa timitsempha tolimba timene timamanga fupa ku fupa linzake pamfundo, ngati waya uja mumamangira mtanda kukhoma. Makina ojambula mafupa sationetsa timeneti. Ndiye akati fupa silinathyoke, anena za fupa basi, sananene za phazi lonse. Tadzifunsani nokha: ngati fupa lili bwino, chinalira kuti "thaa" chija n'chiyani?

Amayi asiye kuthowako, chonde. Madzi otentha masiku oyambirira amangowonjezera kutupa. Aziikapo nsalu ya madzi ozizira, amange bandeji koma osathinitsa, ndipo phazi lizikhala pamwamba pa pilo. Mundiyankhe izi: khungu lasintha mtundu? Lasintha mpaka pati? Akaponda, phazi likulimba kapena likuthawa? Ndipo poti sabata yatha, abwerere kuchipatala monga anauzidwira, muwakoke ngati n'kotheka.

Ndine mlongo wanu, Kamsomali.


13 Ogasiti

Kamsomali,

Moni. Mankhwala afika, zikomo, ngakhale nyumba yonse ikundithawa ndi fungo. Kuwakoka Ababa kupita kuchipatala? Bwera udzawakoke wekha.

Mayankho ako ndi awa. Khungu linada kuyambira pakakolo mpaka kuzala, kenako lasanduka lobiriwira, pano likuoneka lachikasu. Koma ululu watha! Tsiku lachisanu anataya ndodo, pano akuyenda bwinobwino, ine mwana wawo ndikukwakwaza mwendo pambuyo pawo. Akundiseka kuti anyamata a masiku ano anaumbidwa ndi dothi losapsa. Zothawa phazizo, kawiri kokha ndawaona akudzandira pabwalo popanda chowapunthwitsa, koma akuti ndi nsapato. Nanga wavulala kwambiri ndani pamenepa, adokotala?

Poti ine sindingakwere, talemba kalipentala wina woti atithandize, bambo wamkulu ndithu wa ndevu zake. Ndevuzo sizinamupulumutse ku thabwa la Ababa. Ukulikumbuka? Lija amaliyala pa njerwa ziwiri, imodzi uku imodzi uku, munthu n'kudutsa katatu atanyamula chidebe chodzaza misomali, maso ali kumwamba. Ukayang'ana pansi, wagwa mayeso. Ukatsika pathabwa, wagwa mayeso. Mawu ake sanasinthe: "Padenga phazi limaona lokha, maso ndi a ntchito." Bamboyo anadutsa, anangogwetsa misomali inayi, Ababa n'kumuuza kuti aitole.

Mitanda ikuluikulu ya holo tikweza pa 1 Sepitembala, mvula isanatipeze. Ababa akuti pamwamba penipeni akakhalapo okha monga kale. Khomalo ndi lalitali ngati nyumba ziwiri zosanjikiza. Ngati pali chonena unene, koma ine ndikuona kuti achira.

Mlongo wako.


15 Ogasiti

Achimwene,

Moni, koma lero za moni zichepe. ABABA ASAKWERE.

Kalata yanu ndinawawerengera abwana anga, mayi wa mafizo amene wagwira miyendo ya anthu zaka makumi atatu. Nditafika poti ululu watha, sanasekerere monga ndimayembekezera. Anatsitsa phazi la pulasitiki limene limakhala pashelefu n'kundikhazika pansi. Akuti kubinya kuli patatu. Kwina kamtsempha kamangotamuka, munthu amatsimphina masiku angapo basi. Kwina kamang'ambika theka, kumeneko kutupa ndi ululu zimatenga masabata. Kwina kamaduka konse. Ndiye tamverani chodabwitsa chake: kakaduka konse, nthawi zina ululu umatha msanga, chifukwa palibenso chokokeka. Munthu amayesa wachira pamene mfundo yatsala yopanda chomangira. Kulira kuja, kuda kofika kuzala kuja, ndi kudzandira pabwalo pabwinobwino, zonsezo akuti zikuloza kumeneko, ngakhale sanganene motsimikiza asanaligwire phazilo.

Kenako anandiuza chinthu chimene chandisowetsa mtendere mpaka pano. Akuti m'timitsemphamo muli tinthu tosaoneka ndi maso timene timauza mutu pamene phazi laponda ndi mmene lapendekera, ndipo mnofu umakonza msangamsanga munthu asanaganize n'komwe. Achimwene, ndinachita kugwira pakamwa. Zaka zonsezi Ababa akumati phazi limaona lokha, ine n'kumayesa ndi zokamba za akalipentala. Kani ndi zoona! Chibadwire chathu takhala tikuyenda pa zinthu zimene sitizidziwa, zikutigwirira ntchito mwakachetechete popanda ndi zikomo yemwe. Ndipo kamtsempha kakaduka, kuonako kumachepa. Pabwalo munthu amangodzandira. Pamtanda wa holo sindikufuna n'kulemba komwe.

Inu mwavulala mopweteka, Ababa avulala moopsa. Muwabweretse kuno adzawaone.

Kamsomali.


24 Ogasiti

Kamsomali,

Moni. Ndinayamba kulemba kalatayi m'mawa kuti ndikufunse chimene wakhalira chete masiku onsewa. Tinkati poti sunayankhe ndiye kuti palibe vuto, Amayi mpaka anayambiranso kuthowa. Masana adalaivala abwera akukanda m'mutu, kalata yako ya pa 15 ili m'manja, yamafuta okhaokha. Inagwera kuseri kwa mpando wa lole ndipo yayenda nawo maulendo atatu.

Ndawawerengera Ababa titakhala pakhonde. Bola ndikanaimeza. Anandisiya mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Ndiye kuti wopanda ululu ndiye wodwala, wolira ndiye wamoyo? Sukulu imeneyo ndi yabwino." Atatero anatembenukira kwa ine. Akuti ndine ndinakutuma kuti ulembe zimenezi, ati ndatopa kukhala wachiwiri, ndikufuna anthu azinena kuti holo anakhoma ndi ine. Ine amene ndinang'amba ntchafu pofuna kuwawakha! Zandipweteka kuposa mwendo, mlongo wanga. Amayi alowa m'nyumba akupukuta m'maso, ndipo chakudya chabwerera osachikhudza.

Ndikufunse chinthu, usakwiye. Ukutsimikiza kuti si mkwiyo wakale umenewu? Ndikukumbuka uli ndi zaka khumi unadutsa thabwa lija katatu, iwo n'kukuuza kuti denga si la atsikana, ntchito yako ndi kutola misomali pansi, mpaka dzina linakukanirira. Unalira sabata yathunthu. Ngati ukufuna kuti nawonso alawe kukanizidwa, nena, ndikumvetsa. Koma ngati zili zoona, ndithandize, chifukwa dzulo ndawaonanso phazi likuwathawa potsika pakhonde, ndipo anayang'ana uku ndi uku kuti aone ngati wina waona.

Kwatsala masiku asanu ndi atatu.

Mlongo wako.


26 Ogasiti

Okondedwa Ababa,

Moni Ababa, moni kwa Amayi. Kalatayi ndapatsira kondakitala wa basi kuti aipereke m'manja mwanu, za adalaivala aja ndathana nazo.

Achimwene sanandiuze cholemba. Iwo ndi amene amaumirira kuti mwachira, ndiye ngati pali wolakwa ndine. Za kale zija zinandiwawa, sindinama, ndipo mpaka lero ndikadutsa pamene anthu akukhoma denga ndimaima. Koma sindingakufunireni zoipa chifukwa cha zimenezo. Ndikufuna bambo wanga wamoyo, wondikalipira, osati wonyamulidwa pachitseko.

Sindikukupemphani kuti mukhulupirire ine, kapena abwana anga, kapena phazi la pulasitiki. Ndikukukumbutsani lamulo lanu lomwe. Munati palibe munthu wokwera denga lanu asanadutse thabwa, kaya ndi mwana wanu, kaya ali ndi ndevu zofika pachifuwa. Munthu amene akufuna kukwera pa 1 ali ndi phazi limene simunaliyesepo. Phazi lija munalidziwa zaka makumi anayi linali la mwezi watha, ili ndi lachilendo.

Yalani thabwa pa njerwa zake. Tengani chidebe cha misomali. Maso kumwamba, katatu, monga mumachitira ndi aliyense. Achimwene aime pambali panu. Mukadutsa, ine nditseka pakamwa. Pathabwapo munthu akagwa amagwa kutalika kwa njerwa imodzi, n'chifukwa chake munaliika pansi.

Ndine mwana wanu.


2 Sepitembala

Mwana wanga,

Moni. Amayi ako ali bwino. Sindinazolowere kulemba, uwerenge moleza.

Kalata yako ndinaiika m'thumba masiku anayi. Loweruka masana anzanga atapita kukadya ndinayala thabwa kuseri kwa holo. Mlongo wako sindinamuitane.

Ulendo woyamba ndinaponda kanayi. Kachisanu ndinapezeka ndili pansi, misomali ili mbwee. Ndinati thabwa lapendekeka. Ndinaliyeza, linali bwino. Ulendo wachiwiri ndinaponda katatu. Wachitatu sindinayese.

Sindinamve kupweteka. Chimene chinandiopsa n'chakuti sindinamve kanthu. Phazilo ndikaliyang'ana ndi langa, zala zisanu, chipsera chija cha sowo chilipo. Koma ndikakweza maso, limakhala ngati lachoka. Lakumanzere limandiuza zonse, m'mphepete mwa thabwa, pamene pali mfundo ya mtengo, ngakhale kamchenga. Lakumanja lili duu. Zaka zonsezi ndimayesa luso lili mwa ine, kani ndimangonyamulidwa.

Ndinakhala pansi n'kutola misomali umodziumodzi. Ndili chitolere ndinayang'ana khoma la holo, kuchokera pansi mpaka pamwamba pamene ndimati ndikaime. Ndakwera makoma otero osawerengeka, koma tsiku limenelo ndi pamene ndinaona kutalika kwake. 

Dzulo mitanda yakwera. Pamwamba panali mlongo wako ndi bambo wa ndevu uja. Mwendo wa mlongo wakoyo wachira monga unanenera, ndipo thabwa anadutsa ndisanamulole. Ine ndinali pansi kugwira chingwe. Ndamupepesa pa zimene ndinamunenera.

Ndibwera Lachinayi ndi lole. Uwauze abwana akowo.

Bambo wako.


6 Sepitembala

Achimwene ndi Amayi,

Moni nonse. Ababa afika bwino, agona kwanga, ndipo akudandaula kale kuti denga la nyumba ndikukhalayi anakhoma ndi munthu wosaopa Mulungu.

Abwana anga anawagoneka pabedi, n'kugwira mwendo ndi dzanja limodzi, chidendene ndi linalo, n'kukoka pang'ono. Phazi lakumanzere linakana. Lakumanja linangobwera ngati dilowa ya tebulo. Ababa anadzutsa mutu n'kuti, "Tabwerezani." Anabwereza. 

Kenako tinapita ku sikani, ija amapaka mafuta ozizira pakhungu. Ababa anapempha kuti ayambe ndi phazi labwino, ati munthu sungadziwe chokhota usanaone chowongoka. Pagalasi panaoneka kamzere koyera, kosalala, kochoka pafupa lina kukagwira linzake. Kwinako kamzere komweko kanali koduka pakati, nsonga zake zili nyankhalala, ndipo kena kapafupi kanali kong'ambika theka. Anafunsa kuti kamtsemphako n'kotalika bwanji. Wojambula atawaonetsa ndi zala, kosafika ndi theka la msomali wa malata, iwo anangoyang'anitsitsa pagalasipo. Amayi, ine sindinawaonepo Ababa akuyang'ana chinthu choncho. Kenako anati, "Kameneka ndi kamene kandisunga m'mwamba zaka makumi anayi? Kopanda msomali, kopanda guluu, konyowa moyo wake wonse koma osawola?" Wojambulayo anaseka, koma iwo samaseka. Anati, "Ine ndimadzitcha mmisiri."

Ine misozi inangotsika, kaya chifukwa chiyani. Ndimaona zithunzi zimenezi tsiku ndi tsiku, koma ndinali ndisanazionepo ndi maso a kalipentala.

Awaveka nsapato yolimba yofika pakatumba, akhala nayo masabata angapo chifukwa anachedwa komanso anayendera phazilo. Ikachoka ayamba mafizo. Abwana akuti thupi limalumikiza lokha pang'onopang'ono, ndipo phazi limatha kuphunziranso kuona ngati munthu alimbikira, koma ndi nkhani ya miyezi. Likadzapitiriza kuthawa, adzaganiza za opaleshoni. Ababa anafunsa kuti adzakweranso liti. Abwana anawayankha kuti phazi lidzanena lokha, ndipo kwa nthawi yoyamba Ababa sanatsutse.

Achimwene, malizani holoyo bwino. Mukudziwa kuti adzaiyendera ndi diso limodzi lotsinzina.

Kamsomali.


12 Disembala

Mwana wanga,

Moni. Tonse tili bwino. Mvula yagwa kanayi ndipo holo sikudontha. Mlongo wako wakhoma bwino. Mzere wachitatu wa misomali wakhota pang'ono chakumapeto, koma sindinamuuze. Ndaona kuti denga ukaliyang'ana uli pansi limakongola kuposa ukakhala pamwamba pake. Sindinkadziwa, sindinkaima pansi nthawi yokwanira.

Mafizo amene munandipatsa kuchipatalako ndikuchita m'mawa uliwonse. Lamba wa mphira uja ndikukoka ndi phazi. Kuima ndi mwendo umodzi ndinayamba nditagwira khoma, kenako osagwira, kenako pa pilo, pano nditatsinzina. Amayi ako ndi amene amawerenga, ndipo amawerenga mofulumira akandikwiyira. Mwezi watha ndimafika pa zisanu. Dzulo ndafika makumi atatu.

Sabata yatha ndikuyenda kubwalo osavala nsapato ndinaponda kamwala, phazi linadzikonza lokha ndisanadziwe. Ndinaima pomwepo ngati ndamva mawu a munthu amene anapita kutali kalekale. Amayi ako anandipeza ndikuyang'ana phazi langa ndipo akuti ndayamba misala.

Abwana ako anati mwezi wamawa akandiona n'kukhutira, ndikhoza kuyesa thabwa. Sindinaliyandikire chigwereni. Pali nyumba yaing'ono ya zipinda ziwiri imene tikhome mvula ikadukiza, ndipo ndikufuna ndidzayambire pamenepo ngati ndadutsa. Ndikalephera ndidzagwira chingwe, imeneyonso ndi ntchito.

Koma munthu sadziyesa yekha, ndinaona kuipa kwake. Woyesa ayenera kukhala woposa woyesedwa. Ndakhala ndikuwerenga anthu onse amene anadutsa thabwa limeneli chiliyalireni, ndi oposa makumi asanu. Pafupifupi onse anagwetsako misomali, mlongo wako isanu ndi umodzi, ine ndemwe iwiri. Amene anadutsa katatu osagwetsa ndi umodzi womwe ndi mmodzi yekha. Anali ndi zaka khumi, ndipo ine ndinamuuza kuti azitola misomali pansi.

Upemphe tchuthi, ubwere udzandiyese. Ukadzati ayi, ndi ayi. Ubwere ndi nsapato zosaterera, chifukwa kaya ine ndidutsa kaya sindidutsa, makwerero adzakhala ataimikidwa kale, ndipo woyamba kukwera ndiwe.

Bambo wako.